Miyendo Inayi Pansi

Thunder Bay, Ontario
21 Okutobala 2018

Okondedwa Achemwali Ritva,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Whitehorse pamodzi ndi alamu anga, ndi ana a sukulu aja amene amakumeretsani imvi. Kuno tili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Ndikudziwa kuti mwadabwa kulandira kalata yolemba pamanja kuchokera kwa Arvo, munthu amene ngakhale pa khadi la Khirisimasi amangolembapo dzina basi. Ndalemba chifukwa pafoni ndimanama. Mukafunsa ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kukhulupirira, kapena kunamizira kukhulupirira. Pali zimene ndinakubisirani mwezi wathawu, ndipo ndikufuna muzimve kwa ine, Bambo asanakuuzeni m'njira yawo ija yongotchula mawu atatu nkhani n'kutha.

Poyambira mukupadziwa. Bambo atagwa pa masitepe mu Febuluwale n'kuthyoka fupa la m'chiuno, dokotala ananenetsa kuti chipale chofewa cha chaka chino chisawapeze ali okha m'nyumba ija. Malo anapezeka ku nyumba za okalamba zija, chipinda chosakwera masitepe, kulowa pa 1 Novembala. Tikapanda kulowa tsiku limenelo apereka kwa wina, ife n'kubwerera kumapeto kwa mzere, kudikira zaka ziwiri. Bambo nawo anayankha kamodzi kokha: "Popanda Pulla sindisuntha. Mudzanditulutsa m'bokosi."

Chimene simunaone ndi tsiku limene mkulu wa nyumbazo anabwera kudzaona galuyo. Anali mayi waulemu wake, atavala jekete loyera mbee, ndipo mvula inali itangokata kumene. Ndisanamalize n'komwe kuwapatsa moni pakhonde, Pulla anatulukira kuseri kwa nyumba ali matope okhaokha, makilogalamu ake onse makumi atatu ndi asanu, n'kuimirira, miyendo yakutsogolo pamapewa a mayiwo. Anawanyambitanso chibwano. Mayiwo anachita kugwira chitseko kuti asagwe.

"Ndi galu wachikondi," anatero akupukuta jekete lawo. "Koma kwathu kuli agogo a zaka makumi asanu ndi anayi, bambo. Akawalumphira chonchi ndiye kuti tiitana ambulansi. Mubweretse satifiketi yosonyeza kuti wakhoza mayeso a khalidwe. Apo ayi, galu salowa."

Bambo anangoti, "Amakulonjerani." Ine manyazi anandigwira, ndinasowa kolowera.

Ndiye ndinamulembetsa kwa Mayi Sabourin, amene amaphunzitsa agalu Loweruka lililonse m'mawa mu holo yakale yovinira ija, masabata khumi, mayeso kumapeto. Ndi mayi wamfupi, koma akayankhula amamveka mpaka koimika magalimoto. Tsiku loyamba anatiuza kuti, "Agalu anuwa alibe vuto. Ine ndabwera kudzaphunzitsa inuyo." Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, poti zaka makumi atatu ndakhala ndikukonza mabasi, ndipo ndimadziwa kuti chinthu chikamavuta umangopeza bawuti yomasuka n'kumanga.

Kunena zoona, Pulla ali ndi mutu. Ndi tizidutswa ta soseji m'thumba mwanga anaphunzira kukhala, kugona, kudikira, ndi kuyenda pambali panga osakoka chingwe. Anaposa kutalitali kagalu kena ka ubweya wopotana kamene kankabwera m'kalasi katavala juzi. Chinatsala chimodzi chokha, chomwe chija chinatifikitsa kumeneko: kulumphira anthu. Lamulo la Mayi Sabourin ndi lakuti miyendo inayi pansi. Galu akakulumphira umamufulatira, osamuyang'ana, osamukalipira, chifukwa akuti kwa galu kukalipiridwa nakonso ndi kucheza. Akakhala pansi ndiye umamupatsa soseji n'kumusisita. Loweruka Pulla ankamvetsa bwinobwino, Loweruka linalo n'kubwera ataiwala zonse.

Sabata lachisanu mayiwo anandiitanira pambali.

"A Rautio, galu sapitiriza chinthu chimene sapindula nacho. Kunyumba kwanu kuli wina amene akumusangalalira akalumpha. Ndani?"

"Mwina bambo anga. Koma ndinawalembera malamulo onse papepala, ndinamata pafiriji."

"Pafiriji!" Anaseka mpaka agalu anacheuka. "Ndiye firijiyo yamva. Kawafunseni eni ake chifukwa chake."

Sindinafunse. Safunsa anadya phula, achemwali, ndipo ine ndinadya lambiri. M'malo mofunsa ndinachita ukazitape. Lachitatu masana ndinaimika galimoto patali n'kulowera khomo lakumbuyo, nthawi imene Bambo amapita kukatenga makalata kubokosi. Ndinawaona akulowa. Anatsamira khoma, ndodo n'kuiika pambali, kenako anadzimenya pachifuwa kawiri ndi chikhatho. Pulla anaimirira, miyendo pamapewa awo, mutu pakhosi pawo. Iwo anamukumbatira atatsinzina.

Ndinapsa mtima ngati ndagwira wakuba.

"Bambo, mukuchita chiyani? Ine Loweruka lililonse ndikuyenda ndi soseji m'thumba, kununkha ngati butchala, inu kuno mukugumula zonse!"

"Wafika nthawi yanji iwe?"

"Mukufuna galuyu alephere? Mukufuna mugwenso, tidzakupezeni mutauma pansi pa masitepe?"

Anawerama pang'onopang'ono kutola ndodo yawo, ndipo ine sindinawathandize.

"Ndikumutenga," ndinatero. "Akakhala kwanga mpaka mayeso."

"Mbale yake ili pansi pa sinki," anatero Bambo. Basi.

Apa ndiye pali bodza lija. Mukukumbukira Lamlungu lija munaimba foni ine ndili kwa Bambo, n'kufunsa chifukwa chake simukumva Pulla akuuwa? Ndinakuuzani kuti ali panja. Anali kwanga, atagona pakhomo, mphuno pansi pa chitseko. Bambo anamva bodzalo ali pompo ndipo sanandiyalutse. Anakhala masabata atatu okhaokha m'nyumba ija, koyamba chimwalirireni Amayi zaka ziwiri zapitazo. Ndinkawapititsira chakudya, ndipo ndinkaona ndi maso angawa kuti supu ya dzulo sanaikhudze. Ndinkadzitonthoza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza.

Kwanga ntchito inayenda. Ndinamufulatira Pulla mwina maulendo zana. Ndinapempha anzanga a kugalaja kuti azibwera kudzagogoda, aliyense n'kumufulatira akalumpha. Pofika sabata lachitatu, munthu akalowa Pulla ankangokhala pansi phee, ngati mlendo wodikira khofi.

Kutatsala masiku khumi kuti mayeso achitike ndinamubwezera kwa Bambo, chifukwa pa mayeso wogwira chingwe amayenera kukhala mwini galu. Ndinapita monyada, kukaonetsa ntchito ya manja anga. Ndinawapeza ali chiimire m'kanjira kolowera, atavala malaya awo a kutchalitchi, tsiku la Lachitatu. Anatsamira khoma, ndodo n'kuiika pambali, n'kudzimenya pachifuwa kawiri. Pulla ananjenjemera thupi lonse. Mchira unkamenya khoma, analira pang'ono kukhosi, kenako anakhala pansi n'kuyang'ana ine. Bambo anamenyanso pachifuwa. Pulla anangoyang'ana thumba langa la soseji.

"Wamuphunzitsa bwino," anatero Bambo, n'kutola ndodo.

Ndinapeza chimene ndinkafuna, achemwali, koma mumtima munali zii. Nkhope ya Bambo tsiku limenelo ndinaionapo kamodzi kokha, kumanda.

Loweruka masana ndinakoleza sauna, kachipinda kathu kosambiramo nthunzi kaja. Mukudziwa kuti amuna a banja lathu pakamwa pamatseguka m'sauna mokha, mwina chifukwa m'menemo palibe angasiyanitse thukuta ndi misozi. Bambo anathira madzi pamiyala, nthunzi n'kukwera, kenako anayamba.

"Pa 1 ndikalowa, usadandaule. Galuyo umusunge iweyo. Wasanduka wako."

"Bambo, zonsezi ndachita kuti mupite naye."

"Amene ndinkafuna kupita naye si uyu wokhala ngati mwana wa sukuluyu."

Ndinafuna kuyamba kuwafotokozera za agogo a zaka makumi asanu ndi anayi aja, koma mwamwayi ndinagwira pakamwa. Anathiranso madzi.

"Zaka makumi asanu ndi ziwiri tili m'banja," anatero. "Ndikamachokera kufakitale, ngakhale ndichokere pabokosi la makalata pompa, mayi ako ankandichingamira pakhomo. Manja apa ndi apa." Anagwira mapewa awo. "Chaka chomaliza chija miyendo itakana, anakhala pampando paja masabata awiri, tchizi m'manja, kumuphunzitsa. Anati, 'A Eino, ine sindingathenso kuimirira, ndiye azikulandirani ndi uyu.' Ndikalowa, iwo ankamutuma, ine n'kumenya pachifuwa, iye n'kukwera. Atamwalira, anthu obwera kudzapepesa ankamuseka ndi kumusisita akawalumphira, ndiye anayamba kulandira aliyense. Koma poyamba anali wanga ndekha."

Inu munkadziwa zimenezi? Ngati simunkadziwa muli ndi chifukwa, mumakhala kutali. Ine ndimakhala mtunda wa mphindi makumi awiri. Chaka chimenecho ndinkabwera Lamlungu lililonse, kukonza mpope, kusintha matayala, kuchotsa chipale ndi fosholo, ndipo sindinaone kanthu. Galu amene ndinkamutcha wopanda khalidwe anali wophunzira kale, anaphunzitsidwa ndi Amayi. Ndinafulatira moni wa Amayi maulendo zana, ndinaitananso anzanga kuti adzandithandize. Ndinachita manyazi, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pamaliro, poti pamaliro ndinali wotanganidwa ndi kuyala mipando.

Lolemba m'mawa ndinaimbira Mayi Sabourin n'kuwafotokozera zonse.

"Bwanji simunandiuze poyamba?"

"Sindinkadziwa."

"Si ndinakutumani kuti mukafunse, a Rautio? Amuna inu! Chabwino, muike khofi pamoto, ndikubwera masana ano."

Anabweradi. Anamwa khofi ndi Bambo, anawafunsa dzina la Amayi, anayang'ana chithunzi cha ukwati chija. Kenako anatifotokozera kuti galu wa khalidwe si amene salumpha, koma amene amadziwa nthawi yolumphira. Akaphunzira kuti kulumpha kuli ndi chilolezo chake, popanda chilolezocho amakhala pansi. Anangoikapo lamulo limodzi, kuti nthawi zonse msana wa Bambo uzikhala pakhoma.

"Inu apolisi," anandiloza, "kaimeni kukhitchini. Akamakuonani sayerekeza."

Ndinapita kukhitchini ngati mwana wolakwa, khutu lili kuchitseko. Ndinamva Bambo akumenya pachifuwa. Zii. Anamenyanso. Mayi Sabourin anayesa kuika soseji paphewa la Bambo, koma Pulla ankangolira kukhosi, matako ali pansi. Ntchito yanga ndinaigwira bwino kwambiri.

"Agogo," anatero mayiwo motsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutsitsa mawu, "Mayi Helmi akamamutuma ankanena kuti chiyani?"

Ndinkamva wotchi ya pakhoma ija. Mawu amenewo anali asanamveke m'nyumbamo zaka ziwiri, ndipo sanali a Bambo, anali a Amayi. Atawatchula, anatuluka mosasa.

"Pulla, kawalandire."

Ndinamva zikhadabo zikukanda pansi. Ndinasuzumira. Anali atakwera, pang'onopang'ono ngati akuopa kuwathyola, mutu pakhosi pawo. Bambo anakwirira nkhope mu ubweya wake. Mayi Sabourin ankayang'ana denga ngati pali chodontha, ine ndinabwerera kukhitchini kukatsuka makapu amene anali otsuka kale.

Masiku anayi otsalawo tinagwira ntchito tonse atatu, ine, Bambo ndi Pulla. Anzanga a kugalaja aja anabweranso. Aliyense ankalowa n'kudzimenya pachifuwa, Bambo ali chete, Pulla akakhala pansi soseji. Kenako Bambo ankatsamira khoma n'kutchula mawu aja, iye n'kukwera. Masiku awiri oyamba ankasokoneza. Anamugwetsera m'chitini cha zinyalala mnzanga wina, Bambo n'kuseka mpaka kutsokomola. Supu nayo inayamba kutha m'mbale.

Mayeso anali dzulo. Woyesa anachokera kwina, bambo wamtali wadazi, wosaseka. Bambo anagwira chingwe kumanzere, ndodo kumanja, ine ndinakhala pabenchi. Kudutsa pakati pa anthu, anakhoza. Kukumana ndi galu wina, anakhoza, ngakhale anali kagalu ka juzi kaja kamene amadana nako. Anamugwetsera poto kumbuyo, anangocheuka. Anamudutsitsira njinga ya olumala pafupi, ananunkhiza tayala n'kuisiya. Chinatsala chomaliza, chija chenicheni: kulonjerana ndi mlendo.

Woyesayo anabwera, anagwirana chanza ndi Bambo, Pulla ali khale. Ndinayamba kupuma. Kenako munthu uja anafuna kulemba, cholembera osachiona. Mukudziwa zimene mwamuna amachita akataya cholembera. Anadzimenya pathumba la pachifuwa, kawiri, ataima pamaso penipeni pa galu.

Makutu a Pulla anaima. Matako ananyamuka pansi, mwina chala chimodzi, mwina ziwiri. Ndinaona jekete loyera lija m'maso mwanga, ndinaona masitepe aja ndi chipale. Pulla anatembenuka n'kuyang'ana Bambo, kudikira mawu.

"Si awa," anatero Bambo, mofatsa ngati akukana shuga mu khofi.

Pulla anakhala pansi.

Cholembera chinapezeka kukhutu kwa mwini wake. Analemba, anasaina, n'kunena kuti, "Galu waulemu uyu. Anamuphunzitsa ndani?"

"Mkazi wanga," anatero Bambo. Kenako anandiloza ndi ndodo. "Ndi uyu pang'ono."

Satifiketi ili pafiriji, pamalo pamene panali malamulo anga aja. Mawa ndikaipereka kwa mayi wa jekete uja, ndipo pa 1 akulowa awiri.

Tsopano zopempha. Nyumba tiyamba kulongedza sabata lino, ndiye mundiuze msanga zimene mukufuna ndikusungireni. Ziwaya za Amayi zophikira mabanzi ndaziika padera, podziwa kuti ine ndingangoikamo mabawuti. Makalapeti oluka aja alipo asanu, Bambo atenga awiri. Mpando wa Amayi musaupemphe, ukupita nawo. Chopempha chachikulu ndi chakuti mundikhululukire bodza lija. Mukanadziwa mukanandikalipira tsiku lomwelo, ndipo Bambo sakanagona masabata atatu m'nyumba ya zii. Ndinakubisirani chifukwa ndinkadziwa kuti mundiletsa. Mukafuna kundikalipira imbani, ndiyankha, sindinamizira kuti ndili pansi pa basi.

Chatsala chimodzi, cha lero m'mawa. Ndinapita ndi makatoni. Nditakankha chitseko ndi phewa ndinapeza Bambo atakhala pampando wa Amayi uja, umene palibe anaukhalapo chichokereni mwini wake. Pulla anabwera n'kukhala pansi patsogolo panga, miyendo inayi, monga ndinamuphunzitsira.

"Tsitsa makatoniwo iwe," anatero Bambo. "Tsamira khoma."

"Bwanji?"

"Ukufunsa lero? Tsamira."

Ndinatsamira. Anayang'ana galu wawo n'kunena kuti, "Pulla, kawalandire."

Ndinamenya pachifuwa kawiri. Ndi wolemera, achemwali, ndipo m'kamwa mwake mumanunkha soseji. Miyendo inafika apa ndi apa, pomwe paja Amayi ankatigwira tikamachokera kusukulu titanyowa. Ndine bambo wa zaka makumi asanu ndi zitatu, koma ndinaima pakhoma paja kulira ngati mwana, galu ali pakhosi. Bambo anayang'ana pawindo n'kunena kuti chipale chibwera msanga chaka chino.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti matayala a chipale aike mwezi uno, asadikire kuterereka kaye ngati chaka chatha. Pulla ali pamapazi anga pano, watafuna kale ngodya ya envelopu, ndiye moni wake muuona nokha. Bambo akupereka moni wambiri. Ndawafunsa ngati pali mawu oti ndikulembereni, ndipo aganiza nthawi yaitali. Akuti mubwere pa Khirisimasi, chipindacho n'chaching'ono koma khoma lotsamira lilipo. Akuti musadzavale jekete loyera, chifukwa mudzalandiridwa.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Arvo